Mboni Imodzi Siigamula Mlandu: Masamu a Kuyezetsa Magazi



Lero ndabwera ndi masamu. Musaope, si masamu a m'kalasi, koma aja amene angateteze ntchito yanu, banja lanu ndi mtima wanu tsiku limene mwayezetsa magazi, kachipangizo n'kuonetsa mizere iwiri.

Kwathu, pabwalo la mfumu, mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi. Kachipangizo koyezera HIV nakonso ndi mboni, ndipo ngakhale mboni yokhulupirika imaphonya mwa apo ndi apo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limavomereza kachipangizo kotere pokhapokha ngati kamapeza anthu osachepera 99 mwa 100 alionse amene alidi ndi kachilombo, komanso ngati sikanamizira anthu opitirira awiri mwa 100 amene alibe.

Mwina mukuti awiri okha ndi ochepa. Tiyeni tiwerenge limodzi. Tiyerekeze kuti nyengo yothyola mphesa yafika, ndipo antchito 1,000 ayezetsa. Tiyerekezenso kuti mwa iwo, 20 ndiwo ali ndi kachilombo. Kachipangizo kadzawapeza pafupifupi onse 20. Koma kwatsala anthu 980 amene alibe. Kakalakwitsa pa awiri mwa 100 alionse, ndiye kuti anthu enanso pafupifupi 20 adzaona mizere iwiri pamene m'magazi mwawo mulibe kanthu. Onse pamodzi akwana 40, ndipo theka la iwo ndi onamiziridwa. Zipangizo zambiri zimalakwitsa mocheperapo kuposa apa, komabe phunziro lake silisintha: matenda akakhala ochepa pakati pa anthu oyezedwa, mboni yoyamba payokha siikwanira.

Tsopano itanani mboni yachiwiri, kachipangizo ka mtundu wina. Pa anthu 20 onamiziridwa aja, nthawi zambiri sipadzatsala ngakhale mmodzi amene kadzamunamizirenso. Mukaitana yachitatu, mpata wolakwitsa umangotsala kadontho. N'chifukwa chake m'chaka cha 2019 bungwe la WHO linalangiza mayiko kuti munthu azimuuza kuti ali ndi HIV pokhapokha zipangizo zitatu zosiyana zitagwirizana.

Tsono mukadziyeza nokha kuchipinda kwanu ndi kachipangizo kogula kapena kolandira, n'kuona mizere iwiri, musathamangire kulongedza katundu kapena kuimba foni kumudzi muli m'misozi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani kukiliniki akatsimikize. Koma mundimvetse bwino: masamu omwewa akutiuzanso kuti mboni zonse zikagwirizana, mlandu watha. Pamenepo musazengereze, yambani kumwa ma ARV. Munthu amene amamwa mankhwalawa mokhulupirika amakhala ndi mphamvu, amagwira ntchito, amalera ana ake.

Mzere umodzi nawonso uli ndi malire ake. Zipangizo zambiri zimayang'ana asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi kachilombo, ndipo asilikaliwo angatenge mpaka miyezi itatu kuti aoneke. Ngati mukukayikira zimene zachitika posachedwa, mukayezetsenso.

Tsopano ndifike pa za ufulu wanu. Ena mwa inu munamvapo abwana kapena akapitawo akunena kuti aliyense ayezedwe asanayambe ntchito, kapena asanaloledwe kulera mwana wa m'nyumbamo. Ku South Africa, lamulo la Employment Equity Act la 1998, m'ndime 7, limaletsa olemba ntchito kuyeza wantchito HIV popanda chilolezo cha Labour Court, khoti la milandu ya pantchito. Ndime 6 imaletsa kusala wantchito chifukwa choti ali ndi kachilomboka. Kusesa, kuphika, kuchapa ndi kunyamula mwana sikufalitsa HIV. Mukachotsedwa ntchito pa chifukwa chimenechi, kadandauleni ku CCMA pasanathe masiku 30, ndipo kukadandaula kumeneko n'kwaulere. Inu amene mumagwira ntchito m'mayiko ena a chigawo chino, funsani bungwe la antchito la kwanuko zimene lamulo limanena, pakuti safunsa anadya phula.

Ganizirani anthu 40 aja. Bwana wowachotsa ntchito chifukwa cha kachipangizo koyamba walakwira onse: 20 awachotsera matenda amene alibe, 20 enawo awachotsera matenda amene saletsa munthu kugwira ntchito.

Choncho mukamayezetsa, pitani mwa kufuna kwanu, kwa anamwino amene amasunga chinsinsi. Afunseni kuti, "Kodi mwatsimikiza ndi zipangizo zingati?" Funso limeneli si mwano. Magaziwo ndi anu, ndipo zotsatira zake ndi zanu.