Nimu, Mtengo Wowawa Wosamala Mano

M'pologalamu yathu ya zachilengedwe lero tikukamba za nimu, mtengo umene aliyense amene analawako tsamba lake saiwala kuwawa kwake.

Nimu kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Asayansi amautcha Azadirachta indica, ndipo ndi wa banja limodzi ndi mbawa. Umakonda malo otentha, umapirira chilala, n'chifukwa chake wachuluka ku Tete ndi kuchigwa cha Shire, komanso kuno kwathu ku Katete umamera bwino ndithu. Umatalika mamita 15 mpaka 20. Masamba ake ali ndi timano m'mbali, maluwa ake ndi ang'onoang'ono, oyera, onunkhira, ndipo zipatso zake zikapsa zimakhala zachikasu, za njere imodzi.

Apa tcherani khutu. Pali mtengo wina wofanana nawo, wotchedwa indya. Indya maluwa ake ndi ofiirira motuwa, tsamba lake limagawikana kawiri, ndipo zipatso zake ndi zapoizoni. Musanathyole kanthambi, yambani mwazindikira bwino mtengowo.

Nanga nimu akukhudzana bwanji ndi mano? Tiyeni tikumbukire chaka cha 2020. Pa 18 Marichi boma linalengeza kuti matenda a COVID-19 afika m'Zambia. Sukulu zinatsekedwa, ngakhale mwambo wa Kulamba ku Mkaika sunachitike chaka chimenecho. Mu Ogasiti bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalangiza kuti kumene matendawa afala, ntchito za mano zosafunika changu zidikire. Chifukwa chake n'chomveka: dokotala wa mano amagwira ntchito nkhope yake ili pafupi ndi kamwa loyasama, ndipo makina ake amawaza timadontho ta malovu mumpweya.

Koma dzino silidziwa kuti kunja kuli mliri. Mavuto anali omwe aja a masiku onse: dzino lobooka, kupweteka kosagonetsa tulo, chiseyeye, mafinya m'nkhama. Kungoti munthu akazengereza chifukwa cha mantha, dzino loyenera kumatidwa limafika poti lizulidwe. Lipoti la WHO la 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda a m'kamwa. Ambiri mwa matendawa ndi opeweka, ndipo kupewa kumayambira pakhomo.

Chimene chimaboola dzino ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakhala m'litsiro lomata pamano. Tizilomboti tikadya shuga wa mu tiyi, maswiti ndi zakumwa zozizira, timatulutsa asidi amene amadya dzino pang'onopang'ono. Ntchito ya mswachi ndi kuchotsa litsirolo lisanaumbike.

Ku India anthu akhala akutsukira mano kanthambi ka nimu kuyambira kalekale, monga momwe makolo athu ankachitira ndi timitengo ta kutchire. Thyolani kanthambi kanthete, konenepa ngati pensulo, kotalika ngati chikhatho. Katsukeni ndi madzi oyera. Tafunani nsonga yake mpaka itanyenyeka n'kukhala ndi ulusi wofewa, malovu owawawo n'kulavula. Kenako pukutani dzino limodzilimodzi, kuchokera kunkhama kupita kunsonga, kunja ndi m'kati, osaiwala a kumapeto amene amatafuna chimanga. Musakhule mwamphamvu, mungavulaze nkhama. Mukatha dulani nsongayo, kuti mawa muyambe ndi yatsopano. Teroni m'mawa ndi usiku musanagone, ndipo aliyense akhale ndi kake, osabwerekana. Ngati mungakwanitse kugula mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, musawasiye, chifukwa fluoride amalimbitsa dzino.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, abale anga. Nimu amatsuka mano, koma dzino likabooka sangalitseke. Tsaya likatupa, thupi likatentha, kamwa likavuta kuyasama kapena kumeza kukavuta, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku St Francis kuno ku Katete, kaya chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu. Mafinya a dzino amatha kufalikira kukhosi n'kutsamwitsa munthu. Musaike piritsi la asipirini pankhama, limawotcha. Mafuta a njere za nimu musamwetse ana, ndi oopsa kwa iwo, ndipo amayi oyembekezera asamwe mankhwala a nimu.

Mukafuna kudzala, tolani zipatso zakupsa, chotsani khungu, fesani msanga, chifukwa njere zake zikagonera milungu yambiri sizimera. Mbande itchingireni ku mbuzi mpaka itakula. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba, choncho pamene mukuthirira mbandeyo, aphunzitseninso ana kutsuka mano tsiku ndi tsiku.