MOYO, CHUMA NDI CHITETEZO PA CHILUMBA CHA CHISI

 

A komiti anandipempha kuti ndinenepo mawu tisanayambe kukambirana za kagwiritsidwe ntchito ka thumba lathu la chaka chino. Popeza zaka zambiri za ntchito yanga ya zaumoyo ndinathera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndasankha kukamba za anthu a pa chilumba cha Chisi, m'dera la mfumu Mkumbira m'boma la Zomba. Kumapeto kwake ndili ndi pempho, choncho mumvetsere modekha.

Ambiri a ife tinaphunzira za nyanja ya Chilwa m'kalasi, koma ndibwerezeko pang'ono. Iyi ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno, ndipo yakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira madzi ake m'menemo, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umatulutsa madziwo. Ndi nyanja yosazama, kotero kuti mvula ikavuta kwa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, dzuwa limamwa madzi onse. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dambo long'ambikang'ambika. Nyanjayi inalowa m'kaundula wa pangano la Ramsar la madambo ofunika pa dziko lonse, kaamba ka mbalame zambiri za m'madzi zimene zimakhala kumeneko.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Kwa munthu wa pa Chisi, moyo wake, chuma chake ndiponso chitetezo chake, zonse zili m'manja mwa madzi amenewa, ndipo thandizo limene limampindulira ndi lokhalo lofika madzi asanasinthe.

Ndiyambe ndi moyo. Wodwala akafunika kutumizidwa kuchipatala chachikulu ku Zomba, ayenera kutsikira kugombe, kupeza boti, kuwoloka kukafika pa doko la Kachulu, kenaka n'kupeza galimoto. Kukakhala usiku kapena mphepo ya mwera ikakula, eni maboti amakana kunyamuka, ndipo sitingawadzudzule. Nthawi yoipitsitsa ndi pamene nyanja ili pakatikati pa kuphwa, chifukwa madzi amachepa moti boti silingayandame, komanso matope amakhala akuya moti munthu sangayende pansi. Ganizirani za mayi amene matenda a uchembere amuyamba pa nthawi yotereyi. N'chifukwa chake ife azaumoyo tinkalimbikira kuti mayi woyembekezera apite kuchidikiro masiku ake asanakwane, ngakhale akudzimva kuti ali bwinobwino.

Palinso kolera. Asodzi ambiri a pa Chilwa amakhala milungu ingapo m'zimbowera, timisasa toyandama timene amamanga pamwamba pa udzu wa m'madzi. Kumeneko kulibe chimbudzi kapena mjigo, ndiye madzi omwewo ndi akumwa, osamba komanso otayamo zonyansa. Mu December 2015 kolera anabuka pakati pa asodzi amenewa ndi kufalikira kumidzi. Mu 2016 a Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi mabungwe othandiza anapereka katemera wakumwa, amene munthu amayenera kulandira kawiri. Podziwa kuti msodzi sangasiye ukonde kuti abwerere kumtunda pa tsiku lomuikira, anthu a m'zimbowera ankawamwetsa koyamba, n'kuwapatsiratu kabotolo kachiwiri kuti akamwe okha pakatha milungu iwiri. Njira imeneyi inayenda chifukwa chakuti amene anaikonza anayamba ayang'ana mmene asodzi amakhalira. Vutoli silinatheretu, pakuti kolera amene anayamba ku Machinga mu March 2022 anafalikira dziko lonse ndi kupha anthu oposa 1,700.

Tsopano za chuma. Ife a kumtunda chuma chathu ndi nyumba ya malata, munda, ziweto kapena buku la kubanki. Munthu wa pa Chisi chuma chake ndi bwato, ukonde, mono, ndipo ngati ndi wopezako bwino, boti la injini. Ndalama zake zimachokera ku matemba, mlamba ndi makumba, zimene amayi amayanika kapena kuwamba n'kukagulitsa. Nyanja ikaphwa, zonsezi zimatha mphamvu pa nthawi imodzi. Boti likakhala padzuwa miyezi ingapo matabwa amang'aluka, ukonde umadyedwa ndi makoswe, ndipo ukafuna kugulitsa palibe wogula, popeza aliyense ali m'vuto lomwelo. Wogulitsa nkhuni, wophika tiyi padoko, wonyamula katundu pa njinga, onsewa amagwa limodzi ndi msodzi. Abambo ambiri amachoka kukafuna maganyu kwina, n'kusiya amayi ndi ana.

Madzi akachuluka mavuto ake ndi ena. Nyanja ikabwerera m'mbuyo anthu amalima mpunga, chimanga ndi ndiwo zamasamba m'malo amene madzi achoka, ena mpaka kumangamo nyumba. Koma akulu anati madzi saiwala khwawa. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, akufa ndi osowa m'chigawo cha kum'mwera anaposa 1,000, ndipo madzi a m'mitsinje ya ku Zomba ndi Phalombe anathamangira m'nyanja yomwe ilibe potulukira. Minda ndi nyumba za m'mphepete zinamizidwa. Choncho banja limodzi likhoza kusauka ndi chilala chaka china, n'kudzasaukanso ndi madzi osefukira patangopita zaka zowerengeka.

Pa nkhani ya chitetezo, musaganize kuti pachilumba palibe dongosolo. Anthu amadziwana, mlendo akafika mfumu imadziwa, ndipo wakuba sathawa msanga chifukwa njira yotulukira ndi ya pamadzi. Palinso makomiti a m'madoko amene amathandizana ndi alangizi a zausodzi poonetsetsa kuti anthu sakukoka makoka pa nthawi imene nsomba zikuswana. Chiopsezo chachikulu chili panyanja penipeni. Ukonde wotchera usiku ukhoza kubedwa popanda mboni, ndipo pofika nthawi yoti nkhani imveke kupolisi kumtunda, katunduyo wapita kale kutali. Maboti amadzaza anthu, matumba a nsomba ndi njinga mopitirira muyeso, chifukwa aliyense akufuna kuwoloka tsiku lomwelo. Okweramo ambiri, makamaka amayi ndi ana, sadziwa kusambira, ndipo majekete oyandamitsa munthu saoneka kawirikawiri. Ngakhale nyanjayi ndi yosazama, mphepo ikauka mafunde ake amagudubuza bwato.

Zinthu zina zasinthako. Lamya za m'manja zathandiza kuti anthu aitanitse boti kapena galimoto asanafike padoko. Kusunga ndalama mu Mpamba kapena Airtel Money kwachepetsa mantha oyenda ndi ndalama m'thumba, ndipo magulu a banki m'khonde akuthandiza amayi kusunga kangachepe pa nthawi imene nsomba zikugwidwa. Wailesi imaulutsa machenjezo a nthambi yoona zanyengo. Zonsezi zimagwira ntchito bwino m'banja limene muli munthu wodziwa kuwerenga ndi kuwerengera.

Apa ndiye pali pempho langa. Mwana wa pa Chisi akasankhidwa kupita kusekondale ya kumtunda, makolo amamupezera zofunika kusukulu kuchokera ku nsomba. Chaka chimene nyanja yaphwa, mwanayo ndiye amayamba kuvutika. Mnyamata amaitanidwa kuti akagwire maganyu, ndipo mtsikana amakwatiwa msanga kuti pakhomo pachepe pakamwa. Madzi akabwerera nsomba zimabwereranso, koma mwana amene wasiya sukulu pa Folomu 2 kawirikawiri sabwerera m'kalasi.

Ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, tipatule gawo limodzi mwa magawo khumi a thumba lathu chaka ndi chaka, likhale lolipirira ana a m'zilumba ndi m'madoko a Chilwa amene asankhidwa kubwera pa sukulu yathu ino. Ndalamazo zisungidwe ngakhale m'chaka chabwino, kuti chaka choipa chidzatipeze tili nazo. Chachiwiri, tigule majekete oyandamitsa, tiwapereke kudzera mwa mafumu ndi komiti ya padoko, ndipo alembedwe m'buku kuti adziwike mwini wake ndi mudzi wonse. Chachitatu, tisanagule chilichonse, titume anzathu awiri kapena atatu apite akakhale pansi ndi mafumu, aphunzitsi, azaumoyo ndi amayi a pachilumbapo, akamve zimene iwo akuona kuti n'zofunika msanga. Mwina adzatiuza zosiyana ndi zimene ine ndatchula, ndipo tiyenera kuwamvera.

Ndikudziwa kuti ena mwabwera ndi maganizo okonza denga la laibulale, ndipo ntchito imeneyo ndi yofunika ndithu. Ine sindikupikisana nayo. Ndikungokumbutsa kuti ambiri a ife tinamaliza sukulu chifukwa wina, kaya malume, mpingo kapena mphunzitsi, anatilipirira pa nthawi imene makolo athu analephera. Pakati pathu pali anamwino, aphunzitsi, apolisi, alangizi ndi anthu a malonda, ndipo mutu umodzi susenza denga. Amene angadzipereke kupita ku Chisi alembetse maina awo kwa a Mlembi msonkhano ukatha, ndipo ine ndidzawaperekeza.