MAU A CINGELEZI A PA ULENDO WA KU MWEZI

Lero tikamba za ulendo wa ku mwezi, ndipo m'njira tidzatola mau a Cingelezi. Aphunzitsi, coko cikhale m'manja, pakuti liu liri lonse limene ndichule liyenera kulembedwa pa bolodi.

Ana ambiri akapeza liu lalitali m'buku la Cingelezi amalilumpha monga mmene munthu alumphira matope pa njira. Tsiku la mayeso liu lomwelo limabweranso, ndipo pamenepo palibe polumphira. Mau a ulendo wa ku mwezi amaoneka oopsa kwambiri, koma ambiri ndi mau akale amene anangopatsidwa nchito yatsopano. Ena anabwerekedwa kwa amalinyero, anthu oyenda ndi zombo pa nyanja. Ena ndi mau awiri aafupi olumikizidwa pamodzi.

Tiyambe ndi mwezi womwewo. Ife tiri ndi liu limodzi la mwezi wowala usiku ndi mwezi wa pa kalendala. Angelezi ali nao awiri: wowala usiku ndi "moon", wa pa kalendala ndi "month". Mwana wolemba kalata kwa malume ake kuti "I will come next moon" walakwa, ngakhale kuti m'Cinyanja waganiza bwino. Mau awiriwa ndi apacibale, ndipo wacitatu ndi "Monday", Lolemba, dzina limene pakale linatanthauza tsiku la "moon".

Pa 16 Julaye 1969, ku Florida m'dziko la America, roketi yochedwa Saturn V, yotalika mamita oposa 100, inanyamuka ndi amuna atatu: Neil Armstrong, Edwin Aldrin ndi Michael Collins. Ulendowo unachedwa Apollo 11. Kuponya roketi kumwamba amati "to launch". Koma msodzi wa ku Kariba akamakankhira bwato lake m'madzi, Mngelezi angatinso "he is launching his boat". Amuna atatuwo pamodzi anali "crew", liu limene limachulanso gulu la anthu ogwira nchito m'combo. Cimene anakweramo cinali "spaceship". Lidule pakati liu limeneli: "ship" ndi combo, "space" ndi mlengalenga. Komanso "space" mumalidziwa kale, pakuti aphunzitsi akati "leave a space" afuna kuti musiye mpata m'kope mwanu. Mlengalenga ndi mpata waukulu koposa, wa pakati pa dziko lathu, mwezi ndi nyenyezi. Nanga covala cochedwa "spacesuit"? Amene anaonapo mkwati atavala suti sangavutike nalo liuli.

Munthu woyenda mumlengalenga ndi "astronaut". Liuli linapangidwa ndi mau awiri a Cigiriki, loyamba lotanthauza nyenyezi, laciwiri mlinyero. Iye ndi mlinyero wa ku nyenyezi. A ku Russia, monga Yuri Gagarin amene anali woyamba kuzungulira dziko lapansi mu 1961, amachedwa "cosmonauts". Kuno kwathu, m'caka ca ufulu ca 1964, Edward Mukuka Nkoloso, amene anali mphunzitsi wa sayansi, anasonkhanitsa acinyamata pafupi ndi Lusaka nawakonzekeretsa ulendo wa ku mwezi. Ankawalowetsa mu mgolo ndi kuwagubuduza pa citunda. Palibe amene anacoka pansi, ndipo ambiri anamseka. Koma dzina limene anawapatsa, "Afronauts", analimanga bwino lomwe, ndipo ine ndikadampatsa mamalikisi onse.

Kucokera pano kufika ku mwezi pali makilomita pafupifupi 384,000. Atayenda masiku atatu anayamba kuzungulira mwezi. Njira yozungulira yotero ndi "orbit", kucokera ku liu la Cilatini lochula mkwaso wosiyidwa ndi mawiro a ngolo. Collins anatsala yekha akuzungulira, pamene anzake awiri anatsika m'kacombo kochedwa Eagle. Dzinali ndi la ciombankhanga. Nkhwazi ya pa mbendera yathu ndi "fish eagle". Pa 20 Julaye Armstrong anauza anthu a pa dziko lapansi kuti, "The Eagle has landed."

Imani pang'ono pa liu lomalizalo. "Land" ndi mtunda kapena nthaka. Liu lomwelo limatanthauzanso kutera, kapena kufika pa mtunda pocoka m'madzi. Cingelezi cimakonda kwambiri kutenga dzina la cinthu nkulisandutsa mneni popanda kusintha lemba ndi limodzi lomwe: "water" ndi madzi, "to water" ndi kuthirira, "milk" ndi mkaka, "to milk" ndi kukama. Mukaonjeza "er" kumapeto mumapeza wocita nchitoyo. Monga "teach" amabala "teacher", "land" amabala "lander", makina otera pa mwezi. Makina otero a dziko la China anatera mu 2019 ku mbali ya mwezi imene sitiiona tiri pano, ndipo a dziko la India anatera mu 2023.

Malo amene Eagle anatera amachedwa "Sea of Tranquility", Nyanja ya Bata. Musanyengedwe, mulibe dontho la madzi. Akatswiri akale a nyenyezi anapatsa maina a nyanja kwa mawanga akuda amene inunso muwaona mwezi ukakhwima, koma kwenikweni ndi zigwa za miyala ndi fumbi. Maenje ozungulira amene ali ponseponse pa mwezi ndi "craters", ndipo kwa Agiriki liuli linali dzina la mbale yaikulu yosakaniziramo vinyo ndi madzi.

Liu limodzi silidulika, liyenera kungosungidwa pamtima: "gravity". Ndiyo mphamvu imene imakokera zinthu pansi, imene imagwetsa mango mu mtengo. Ya pa mwezi ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a ya pano. Thumba la ufa la makilogalamu 25, limene amai amalisenza movutikira, kumeneko lingalemere ngati makilogalamu 4 okha. Pano ndi "heavy", kumwezi ndi "light". Cenjerani, "light" ndi kupepuka, ndiponso ndi kuwala.

Anthu 12 anayenda pa mwezi pakati pa 1969 ndi 1972, ndipo pamene anaponda panatsala "footprints", zidindo za mapazi, zosafafanizika msanga cifukwa kulibe mphepo kapena mvula. A Apollo 11 anabwerako ndi miyala ndi dothi zolemera makilogalamu oposa 21. Pa 24 Julaye anagwera m'nyanja ya Pacific, khuvu! Phokoso la madzi lotero ndi "splash", pansi ndi "down", ndipo kugwako ndi "splashdown". Amene anawavuula anali amalinyero enieni a combo cochedwa Hornet.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa turutsani ana pabwalo. Mmodzi aime pakati akhale mwezi, wina amzungulire akunena kuti "I am in orbit", wacitatu afike pa iye ndipo kalasi lonse linene kuti "She has landed". Mukabwerera m'kalasi lembani mau atatu awa pa bolodi: "moonlight", "countdown", "moonwalk". Musawamasulire. Ana adule okha liu liri lonse pakati, ndipo alembe m'makope mwao cimene apeza.