Makina oboolera asafe tikuona

Mawu a mneneri wa khonsolo kwa magulu a akalipentala ndi owotcherera zitsulo



Makina oboolera zitsulo ndi matabwa amene gulu lalandira ndi chuma cha dera lonse, pakuti agulidwa ndi ndalama za chitukuko. Akaima, sipaima gulu lokha: madesiki a sukulu, mafelemu a mawindo ndi ngolo zimene anthu akudikira zimaima limodzi. Kawirikawiri chimene chimapha makinawa si vuto lalikulu, koma tizinthu tating'ono tonyalanyazidwa.

Poweruka, sesani zinyenyeswa za chitsulo ndi bulashi, osati ndi zala, chifukwa zimacheka. Pukutani mzati ndi tebulo la makina ndi kansalu ka oilo, makamaka nyengo ya mvula pamene dzimbiri limafulumira. Poboola, tsamiritsani chinthucho pa kathabwa kuti musaboole tebulo, ndipo chimangeni zolimba. Chitsulo chogwira ndi dzanja chikakodwa, chimazungulira ngati chikwanje. Kiyi womangira chaki asatsale m'chakimo poyatsa.

Yang'aniraninso lamba amene ali pamwamba. Mukamudinikiza ndi chala pakati, azilowa pafupifupi sentimita 1. Akakhwepa amaterereka n'kupsa. Akathina kwambiri amadya maberingi. Lamba yemweyo ndiye amasintha liwiro. Biti yaikulu pa chitsulo imafuna liwiro lochepa ndi timadontho ta oilo, pamene biti yaing'ono pa thabwa imafuna liwiro lalikulu. Biti ikabuntha, inoleni. Kuikakamiza n'kutopetsa mota.

Makina amadandaula asanafe, choncho muziwamvetsera. Biti ikamagwedera, yesani ina, mwina yoyambayo yapindika. Ikagwederabe, gululani chaki, pukutani pamene chimalumikizana ndi mpini wake, n'kuchibwezera. Phokoso lokhotakhota ndi kutentha zimaloza ku maberingi. Mota ikamangong'ung'udza osazungulira, zimitsani nthawi yomweyo. Nthawi zambiri vuto limakhala kapasita, kachipangizo kotsika mtengo, koma mukaumirira mawaya a m'kati amapsa, ndipo madzi akatayika saoleka. Zamagetsi musazitosetose, itanani amisiri odziwa. Musanakonze chilichonse, zulani pulagi. Magetsi a ESCOM akathima, zimitsaninso switchi, kuti akabwera makina asadzuke okha dzanja la munthu lili pomwepo.

Pempho langa lalikulu ndi ili: chinthu cha gulu chikhale ndi mwini wochiyang'anira. Sankhani munthu mmodzi wosunga makiyi ndi kabuku kolembamo tsiku lopaka oilo ndi chilichonse chosinthidwa. Pa ndalama ya ntchito iliyonse, patulani kangachepe ka lamba, mabiti ndi maberingi. Thumba la chitukuko lili ndi milatho, mijigo ndi zipatala zoliyembekeza; silingagulire gulu limodzi makina kawiri.

Komiti ya chitukuko ya m'dera iziona kabukuko ikamayendera ntchito.