Kulima mwa Muyeso: Chimanga ndi Soya ku Mashonaland

Nkhani ya lero ndi ya ulimi wa chimanga ndi soya m'mapulazi a ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe. Maina a Mazowe, Bindura, Banket ndi Chinhoyi sali achilendo kwa omvera a ku Malawi ndi ku Zambia, pakuti makolo a ambiri anagwira ntchito kumeneko, ndipo ana ndi adzukulu awo akali komweko. Tsono alimi ena a kumeneko amalima mwa muyeso, ndiko kunena kuti amapatsa chigawo chilichonse cha munda chimene chikusowa, pa nthawi yake, osapitirira ndiponso osaperewera.

Maziko a njira imeneyi ndi chinthu chimene nkhalamba iliyonse ya kumudzi imachidziwa: munda sufanana ponseponse. Pafupi ndi chulu chimanga chimabiriwira, pa mchenga chimachita chikasu, ndipo kumunsi kwa dambo madzi amaima. Ku Mashonaland kuli katondo wofiira wa chonde, monga wa m'chigwa cha Mazowe, kulinso mchenga wotuwa umene kawirikawiri umakhala ndi asidi wambiri. Nthawi zina nthaka ziwirizi zimakomana m'munda umodzi. Mlimi akathira feteleza mofanana munda wonse, amataya ndalama pamene panali chonde kale, namana chakudya pamene panali njala. Pa munda wa mahekitala mazana, kutaya kotere kungathe kumeza phindu lonse la chaka.

Kufunika kwa muyeso kunaonekera kale ndi mbewu. Mu 1932 Harry Arnold anayamba kukwatitsa mitundu ya chimanga pa malo ofufuzira za ulimi a ku Salisbury, mzinda umene tsopano ndi Harare. Ntchitoyo inapitirira ndi Alan Rattray, ndipo mu 1960 kunatuluka chimanga chotchuka chija cha SR52, chimene chinalimidwanso kwambiri ku Zambia. Mbewu imeneyi inali yobereka koposa, koma inali yochedwa kucha. Inkafuna kubzalidwa msanga, kudyetsedwa bwino ndi kupaliridwa pa nthawi yake. Alimi anaphunzirapo kuti mbewu yabwino imalipira mlimi wosamala yekha.

Lero mlimi wa pulazi lalikulu ali ndi zida zimene akalewo analibe. Choyamba amagawa munda wake m'zigawo, natapa dothi m'chigawo chilichonse kuti likayezedwe. Malo amene dothilo latapidwa amalembedwa ndi GPS, chida cholondolera malo mothandizidwa ndi masetilaiti. Zotsatira zake zimajambulidwa pa mapu oonetsa pamene pali asidi ndi pamene pakusowa chakudya cha mbewu. Mapuwo amaikidwa mu kompyuta ya pa thirakitala, ndipo makina omwaza laimu kapena feteleza amatsegula kwambiri pa malo osauka, nachepetsa pa malo a chonde. Thirakitala yolondoleredwa ndi GPS imayendanso mizere yowongoka, yosabwereza pamene yadutsa kale, motero mbewu, mankhwala ndi dizilo siziwonongeka.

Mbewu zikamera, maso a mlimi amathandizidwa ndi zithunzi zochokera kumwamba. Setilaiti yoyamba ya Sentinel-2 inatumizidwa ndi maiko a ku Ulaya mu 2015, ndipo zithunzi zake ndi zaulere. Zimasonyeza chigawo chimene masamba ake akufooka, kuti kapitawo apite komweko akaone ngati ndi njala, madzi kapena tizilombo. Zimenezi n'zofunika, pakuti matenda a dzimbiri a soya anafika ku Zimbabwe mu 1998, ndipo mbozi za ntchemberezandonda zinalowa m'chimanga mu 2016. Adani awiriwa akachedwa kuonedwa amasakaza munda m'masiku ochepa. Pa nthawi yokolola, makina okolola amayeza zimene chigawo chilichonse chabereka. Poyerekeza mapu a zokolola ndi mapu a dothi, mlimi amadziwa pamene ndalama zake zabala ndi pamene zalowa m'madzi.

Soya ali ndi malo ake m'ntchito imeneyi. Iye sakonda nthaka ya asidi, chifukwa chake laimu ayenera kufika pamene akufunikadi. Mbewu yake isanabzalidwe imasakanizidwa ndi tizilombo tabwino totchedwa Rhizobium, timene timakonzedwa ku Marondera. Timeneti timapanga timatuza pa mizu, ndi kutenga chakudya cha nayitrojeni mu mpweya. Motero soya safuna feteleza wobereketsa monga chimanga, ndipo chimanga chobzalidwa pamene panali soya chimakula bwino. Kasinthasintha wotere amachepetsanso matenda ndi udzu.

Koma pali mau awiri ochenjeza. Oyamba ndi akuti zidazi ndi zodula. Kuyambira mu 2000 mapulazi ambiri anagawidwa, ndipo mlimi wa munda wocheperapo angachite bwino kubwereka makina kapena kugwirizana ndi anzake, kusiyana ndi kulowa ngongole yoti sangabweze. Achiwiri ndi akuti mapu sagwetsa mvula. Mu 2024 Zambia, Malawi ndi Zimbabwe onse analengeza tsoka la chilala, ndipo dzuwalo silinasankhe munda wa mwini kompyuta.

Pamenepa mpamene mlimi wa khasu ayenera kutchera khutu, pakuti muyeso sufuna makina okha. M'zaka za m'ma 1980 Brian Oldreive, akuyang'anira pulazi la Hinton kufupi ndi Bindura, analeka kugaula ndi kutentha mapesi, nayamba kuphimbira nthaka kuti isunge chinyezi. M'maphunziro ake munabadwa njira ya Pfumvudza, imene boma la Zimbabwe linaifalitsa mu 2020. Kamunda kake ndi ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi. Kali ndi mizere 52, yotalikirana masentimita 75, ndipo mzere uliwonse uli ndi mapando 28, otalikirana masentimita 60. Mapando onse ndi 1,456, ndipo lililonse limalandira muyeso wake wa laimu ndi manyowa kapena feteleza. Cholinga chake ndi chakuti mzere umodzi udyetse banja sabata imodzi, kufikira chaka chithe. Zida zake ndi khasu, chingwe cha mfundo ndi kakapu koyezera.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mlimi aliyense, wa thirakitala ngakhale wa khasu, ayende m'munda mwake mvula isanagwe, azindikire malo a chonde ndi malo otopa, ayezetse dothi lake kwa alangizi, ndipo alembe m'buku zimene wathira ndi zimene wakolola pa chigawo chilichonse. Buku limenelo ndilo lidzamuuza chaka chamawa pamene ayenera kuika ndalama yake.