Chiarabu Tiyambe Kuchiphunzira Kuno ku Mvurwi



Makolo athu atafika kuno kuchokera ku Nyasaland, tauni ino ikutchedwabe Umvukwes, anayamba ndi Chilapalapa kuti amvane ndi kapitawo m'minda ya fodya, kenaka Chishona kuti akhazikike. Lero ana athu aakazi akuitanidwa kukagwira ntchito m'nyumba za ku Oman ndi ku Kuwait, kumene chinenero ndi Chiarabu.

M'maiko amenewo muli dongosolo la kafala: chilolezo chokhalira m'dziko chimadalira bwana amene wakulembani ntchito. Mu 2016 amayi a muno mu Zimbabwe anabwezedwa kuchokera ku Kuwait atazunzika. Mu 2024 BBC inaonetsa amayi a ku Malawi amene anasowa pothawira ku Oman, mapasipoti atalandidwa.

Chinenero pachokha sichingamasule munthu, koma wosachidziwa amasainira zimene sakuzimva. Mwana wanu asananyamuke, adziwe kuti ratib ndi malipiro, jawaz ndi pasipoti, mustashfa ndi chipatala, shurta ndi apolisi. Adziwenso manambala, pakuti amalembedwa mosiyana ndi athu: kadontho ndi ziro, pamene chooneka ngati ziro ndi 5.

Aphunzitsi sali kutali. Abale athu Achiyao akhala akuphunzitsa ana zilembo zimenezi kumadarasa kuyambira kale. Chiarabu chakumzikiti chimasiyana ndi chakukhitchini ku Muscat, koma zilembo n'zomwezo. Pabanja pasapite wapaulendo yekha. Apitenso wina wotsala, woti akalandira chithunzi cha kontirakiti pa WhatsApp aziwerenga yekha ndalama zolembedwapo.