Nkhani za Milandu pa Podikasiti: Udindo wa Wofalitsa ndi Womvera

Masiku ano pa intaneti pali mapologalamu omvera, onga a pa wailesi, otchedwa podikasiti. Ena mwa mapologalamuwa amafufuza milandu yeniyeni ya kupha anthu. Tiyeni tione zitsanzo ziwiri.

Ku Mississippi, m'dziko la America, anthu anayi anaphedwa m'sitolo mu 1996, ndipo Curtis Flowers anazengedwa mlanduwo kasanu ndi kamodzi. Mu 2018 atolankhani a pologalamu ya In the Dark anawerenga mabuku a khoti nafunsanso mboni. Mboni ina yaikulu inavomera kuti inanama. Mu 2019 Khoti Lalikulu linafafaniza chigamulo, ndipo mu 2020 mlandu unathetsedwa, mkuluyu atakhala m'ndende zaka zoposa 22.

Koma ku Australia pologalamu ya The Teacher's Pet inaloza chala Chris Dawson pa imfa ya mkazi wake, khoti lisanakhale. Mu 2019 inachotsedwa m'dzikomo. Mlandu unachedwa, ndipo unazengedwa ndi woweruza yekha, popanda anthu wamba othandiza kugamula, chifukwa ambiri anali atamva kale mbali imodzi. Dawson anapezeka wolakwa mu 2022, komabe mlanduwo ukadatha kusokonekera.

Choncho pomvera tizidzifunsa: Kodi umboni uli kuti? Kodi woganiziridwayo wapatsidwa mpata woyankha? Kodi achibale a malemu alemekezedwa? Tisaiwale kuti munthu aliyense ndi wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa. Tikamatumizira anzathu nkhani yopanda umboni, nafenso tikuweruza mlandu umene sitinaumve mbali zonse.